Kukawedza pa boti ku Cape Point mu Epulo: amene munapitako tiuzeni

Mwana_wa_Chia
Akuluakulu, moni nonse. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku Cape Town. Abwana athu akuti Loweruka loyamba la Epulo alipira boti ku Hout Bay kuti tonse a ku workshop tikawedze panyanja yamchere, ati kutipukuta thukuta la Disembala. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, bwato ndinayamba kupalasa ndisanalowe sitandade 1, madzi sindiwaopa. Koma pali ziwiri zimene mutu wanga ukukana. Choyamba, akuti aliyense akhale ndi chiphaso chakechake. Chiphaso cha mbedza imodzi? Chachiwiri, mnzathu amene anapitako chaka chatha akuti nsomba zina ukagwira amakuuza kuti uzibwezere m'madzi. Munthu wadzuka usiku, mafuta apsa, ndiwo yafika m'manja, n'kuiponyanso? Tandiuzeni zoona zake, komanso ngati nyengo imeneyi nsomba zimadya n'komwe.

Nkhwazi_Bellville
"Madzi sindiwaopa" kkkkk. Achimwene, mawu amenewa musawafufute, tidzawafuna Lolemba lake.

Mayi_a_Tadala
Za chiphaso ena akuyankhani. Ine ndingoti pitani ku pharmacy mukafunse mankhwala a nseru ya paulendo, monga Stugeron kapena Valoid, ndipo mukawauze ngati pali mankhwala ena amene mumamwa. Bambo a kunyumba kwathu amayamba kumwa usiku asanagone. Mukadikira kuti m'mimba muyambe kutembenuka, mwachedwa kale. Amagonetsako pang'ono, ndiye pobwerera galimoto ayendetse wina.

Mwana_wa_Chia
Mayi, ndakwerapo Ilala mwera uli pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, anthu akusanza mbali zonse, ine ndikudya nsima yanga bwinobwino.

MalinyeroHB
Mphwanga, ine ntchito yanga ndi ya m'maboti omwewo. Ndimamangira alendo mbedza, kuwadulira nyambo ndi kuwatumbulira nsomba, ndiye ndilole ndilankhule motalikirapo.

Za chiphaso ndi zoona. Lamulo la Marine Living Resources Act la 1998 limafuna kuti wowedza mongosangalala panyanja yamchere akhale ndi chiphaso, kaya waima pamwala kaya ali m'boti. Kale tonse tinkagula ku positi ofesi, masiku ano ambiri akugula pa intaneti ku DFFE, dipatimenti ya boma yoona za nkhalango, usodzi ndi chilengedwe. Alendo ochokera kunja amagula ndi pasipoti, ndiye usade nkhawa ndi ID ya kuno. Usankhe cha angling, ndiye kuti chowedzera ndi mbedza. Boti lili ndi malipiro akeake amene amapereka skipper, woyendetsa botilo, amenewo sakukukhudza. Chiphasocho udzachitenge tsikulo, chifukwa oyang'anira za usodzi amadikirira padoko maboti akamabwerera, amatsegula mabokosi n'kuwerenga.

Chimene amawerenga ndi ichi: munthu mmodzi sapitirira nsomba 10 patsiku, mitundu yonse kuphatikiza. Yellowtail utha kutenga 10 zonsezo ndipo ilibe muyezo. Snoek nayo ndi 10, koma isachepere masentimita 60. Geelbek ndi 2 zokha, muyezo wake 60 yomweyo. Roman, nsomba yofiira ya m'miyala ija, ndi 2, masentimita 30. Ndiye zimene mnzakoyo anaona zikubwezedwa ndi zosafika muyezo kapena zopitirira nambala. Yellowtail yaikulu palibe amene adzakulande m'manja kuti uiponye, imeneyo ndi ndiwo yako. Ndipo ndikuuze, masiku ambiri 10 imeneyo sumaifika n'komwe.

Mwana_wa_Chia
Zikomo akulu, mtima wakhalako pansi. Ndimaganiza kuti tikungokajambulitsa basi.

Che_Mbwana_Philippi
Malamulo a anthu okhuta awa. Kwathu ku Mangochi nsomba yaing'ono ndi yomwe imakoma ndi tomato. Iwe ukuyeza kansomba ndi rula, sitima zikuluzikulu zikukokolola matani kunja uko usana ndi usiku. Wakuba ndani pamenepa?

Namalenje
A Che Mbwana, ndibwerako ku funso lanulo. Poyamba ndiyankhe la nyengo, chifukwa abwana a mnyamatayu anafunsa anthu odziwa.

Kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi kuno kumaomba mphepo ya kummwera chakummawa, ija imagwetsa anthu m'tauni, amaitcha Cape Doctor. Imachokera mbali yomweyo imene mwera umachokera kwathu, kungoti mwera ndi wa nthawi yozizira pamene iyi ndi ya nthawi yotentha. Ikamaomba masiku otsatizana maboti ang'onoang'ono amangokhala padoko. Chakumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo imayamba kufooka, pamene mphepo ya kumpoto chakumadzulo yobweretsa mvula ndi namondwe isanakhazikike. Pakatikati pamenepa ndi pamene masiku abata amachuluka.

China ndi kutentha kwa madzi. Mphepo ya kummwera chakummawa imakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe la mbali ya Atlantic, ndiye madzi ozizira a pansi amakwera. N'chifukwa chake ku Hout Bay ndi ku Camps Bay madzi amazizira kwambiri m'miyezi yomwe dzuwa likuswa mtengo, nthawi zina kufika madigiri 10 kapena 12. Madzi okwerawo amabwera ndi chakudya, tinsomba ting'onoting'ono monga sardine ndi anchovy timachuluka. Kummwera kwa Cape Point kumafikanso madzi ofunda ochokera ku mtsinje wa m'nyanja wa Agulhas. Pamene ofunda ndi ozizira akumanirana ndi pamene nsomba zazikulu zimasaka. Yellowtail imakonda madzi ofundirako, ndipo yellowfin tuna nyengo yake yabwino ndi Malichi mpaka Meyi. Snoek imachuluka kukamazizira, koma iyo ilibe kalendala, ikhoza kutulukira lero mawa n'kusowa.

Amene munakulira ku Monkey Bay kapena ku Malindi zimenezi si zachilendo. Mwera nawo umakankhira madzi apamwamba kumpoto, a pansi n'kukwera chakummwera kwa nyanja, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene dera limenelo lili ndi nsomba zambiri.

Nkhwazi_Bellville
Aphunzitsi afika, tulutsani makope.

MalinyeroHB
Zimene anena a Namalenje ndi zomwe timaona pamadzi. Koma mphwanga wa ku Chia, funsa abwana ako kuti boti likupita kuti. Maulendo alipo awiri osiyana kwambiri. Wina ndi wa ku Cape Point, pafupi ndi mtunda, kusaka yellowtail ndi snoek. Wina ndi wa tuna, kumene timati ku deep.

Ku deep boti limathamanga maola awiri kapena kupitirira, mpaka Table Mountain kuzimirira. Madzi amasintha mtundu, kuchoka obiriwira kukhala abuluu wakuda. Timasaka sitima zogwira hake, chifukwa zikamakoka maukonde ndi kutaya matumbo, mbalame monga albatross zimaunjikana kumbuyo kwake ndipo tuna imakhala pansi pomwepo. Timadula sardine tizidutswa n'kumaponya m'madzi pang'onopang'ono mpaka tuna itakwera, kenaka kachidutswa kena timakabisira mbedza. Yellowfin ya makilogalamu 60 kapena 80 si yodabwitsa kumeneko. Amakumanga lamba m'chiuno ndi m'ntchafu, ndodo n'kukoleka pamenepo, ndipo ola likhoza kutha mukukokana. Ndaonapo amuna a matupi awo akupempha kuti wina awalandire. Kwa anthu oyamba kumene, gulu lonse la ku ntchito, ine sindingalimbikitse ulendo umenewo. Wina akadwala m'mawa adzavutika mpaka madzulo, chifukwa boti silibwerera kaamba ka munthu mmodzi.

Mwana_wa_Chia
Ndafunsa. Akuti ku Cape Point, yellowtail.

Dada_wa_Usisya
Ndiye wapeza bwino. Koma za Ilala zija uziiwale, mnyamata. Mafunde a kwathu ndi afupiafupi, amamenya bwato pafupipafupi ndipo mphepo ikaleka nawo amagona. A kuno amachokera kutali kummwera kumene kuli namondwe, amafika ataliatali ngakhale tsiku lopanda mphepo. Boti limakwera pang'onopang'ono, kutsika pang'onopang'ono, ngati katungwe amene palibe womuimitsa. Likamathamanga umamva bwino. Vuto limayamba skipper akazimitsa injini, boti n'kumangoyandama, fungo la petulo ndi la nyambo n'kusakanikirana, iwe wawerama ukumanga mbedza. Ine ndinabadwira m'bwato ku Usisya, koma ku Cape Point chakudya cha m'mawa ndinadyetsa nsomba. Maso aziyang'ana kumapiri, osati pafoni. Usalowe m'kachipinda ka boti. Mowa dzulo lake ayi.

Mayi_a_Tadala
Mwamva kwa mwamuna mnzanu tsopano, mwina mukhulupirira.

Che_Mbwana_Philippi
Funso langa lija mwalikwirira. A Namalenje munati mubwerako.

Namalenje
Sindinaiwale, achimwene. Za sitima zikuluzikulu sindikukutsutsani konse, ndipo asodzi ang'onoang'ono a ku Hangberg ndi ku Kalk Bay akhala akudandaula zaka zambiri kuti gawo lalikulu la nsomba limapita ku makampani. Mkangano umenewo ndi weniweni. Koma sitima za hake zimakoka kunja kwakuya. Nsomba za m'miyala monga roman, red steenbras ndi seventy-four zinachepa makamaka chifukwa cha mbedza, maboti a malonda ndi a masewera omwe, munthu aliyense akunena kuti zanga ndi zochepa. Seventy-four inatha mpaka boma linaletseratu kuigwira mu 1998. Mu 2000 nduna Valli Moosa inalengeza kuti usodzi wa mbedza uli pangozi, ndipo manambala amene a MalinyeroHB atchula aja ambiri anakhwimitsidwa pambuyo pake.

Chifukwa chake chili m'moyo wa nsombazo. Roman imakula pang'onopang'ono, imakhala pa miyala yomweyo zaka ndi zaka, ndipo imayamba ili yaikazi, ikakula n'kusanduka yaimuna. Mukamachotsa zikuluzikulu zokhazokha ndiye kuti mukutha amuna. Mukamachotsa zing'onozing'ono mukutha zimene sizinaswane. Yellowtail ndi snoek zimayendayenda m'magulu ndipo zimakula msanga, n'chifukwa chake zimaloledwa 10 pamene roman ndi 2. Manambalawa sanangowalota.

Che_Mbwana_Philippi
Roman yomweyo ine ndinaiona ikutuluka m'madzi chifu chili pakamwa, maso atatong'oka. Anaibweza, inangoyandama pamwamba mpaka mbalame zinaijompha. Pamenepo mwapulumutsa chiyani? Bola ikanalowa mumphika mwanga.

MalinyeroHB
Apa Che Mbwana sakunama. Nsomba ya pansi ukaikoka kuchokera pakuya, kathumba ka mpweya ka m'mimba mwake kamafufuma n'kukankha chifu. Ukangoiponya chomwecho siitha kumira. Pali kachida kokhala ndi chitsulo cholemera kamene timaikoleka pakamwa n'kuitsitsira pansi, ikafika kumeneko mpweya uja umapanikizika ndipo imachoka yokha. Koma si maboti onse amene amavutikira zimenezi. Skipper wanzeru akaona kuti pakubwera zing'onozing'ono zokhazokha amasamuka pamalopo, kapena amauza anthu aike mbedza zikuluzikulu. Ya m'madzi osaya ukaigwira ndi manja onyowa, osaigoneka padzuwa, n'kuibweza msanga, imapita bwinobwino.

Namalenje
Ndipo umboni ulipo. A ORI, bungwe lofufuza za m'nyanja ku Durban, akhala akuika zizindikiro pa nsomba kuyambira 1984, owedza okha ndi amene amaziika n'kuzibweza. Nsomba zambiri zagwidwanso patapita miyezi kapena zaka zili ndi kachizindikiro kaja. Ikanakhala kuti iliyonse yobwezedwa imafa, sizikanapezekanso.

Che_Mbwana_Philippi
Chabwino, zina zimapulumuka. Koma ine kulipira kuti ndikavutitse nsomba n'kuisiya, ayi ndithu.

Agogo_a_Lifuwu
Ana inu mukulankhula ngati kuletsa nsomba kunabwera ndi azungu. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nthawi ya mvula kuyambira kalekale, utaka uswane. Ikafika nthawi yotseka aliyense amasamuka pachilumbapo, ndipo potsegula cha mu Epulo pamakhala mwambo. Wophwanya lamulo amamuthamangitsa. Mowa, chamba ndi juga saloleza. Pitani mukaone kukula kwa utaka wa pa Mbenje, mufanizire ndi wa madoko ena. Pamene kwanu ku Mangochi, Che Mbwana, nyanja ya Malombe inali ya chambo, lero mwatsala ndi kambuzi. Tomato mukumunenayo ndi amene anamaliza kasawala.

Che_Mbwana_Philippi
Agogo mwandimenya pabala.

Sisi_Chiku
Agogo, mwasiya lamulo limodzi. Pa Mbenje akazi saloledwa kufikapo. Utaka umaopa chitenje kapena?

Agogo_a_Lifuwu
Mdzukulu wanga, lamulo limenelo sindinaike ine. Akuluakulu ankati amuna aziika mtima pa ntchito.

Sisi_Chiku
Ndiye vuto ndi amunawo, osati ife. Kuno ine ndakwera boti ku Simon's Town ndipo yellowtail yoyamba ya tsikulo inali yanga, amuna asanu akungosokoneza zingwe.

Nkhwazi_Bellville
Asisi tumizani chithunzi, apo ayi ndi nthano ya kalulu.

Sisi_Chiku
Chithunzi ndi cha amene anandithandiza kuidya.

Admin2
Tabwererani ku Cape Point, abale. Za Mbenje ndi za chambo tsegulani mutu wake, nkhaniyo ndi yaikulu payokha.

Sisi_Chiku
Chabwino a Admin. Achimwene a ku Chia, yellowtail sitiwedza modikirira ngati kampango. Skipper amayang'ana mbalame. Akaona timbalame toyera tikuzungulira n'kumadziponya m'madzi, ndiye kuti pansi pali gulu likuthamangitsa tinsomba. Amayandikira mwakachetechete cha m'mbali, chifukwa ukalowa pakati ndi injini gulu lonse limamira. Kenaka mumaponya spinner, kachitsulo konyezimira kokhala ndi mbedza kumapeto, kupitirira gululo, n'kupukusa reel mwamsanga kwambiri. Mukamapukusa mwaulesi imangokatsatira n'kubwerera. Ikagwira mudzamva ngati chingwe chakola galimoto yoyenda, ndipo imathamangira pansi kuti ikadulire chingwe pa miyala kapena m'zomera za m'nyanja zija. Nthawi zina zikasowa pamwamba amakoka nyambo zapulasitiki kumbuyo kwa boti likuyenda pang'onopang'ono. Ngati simunagwirepo ndodo ya reel, pemphani wina akuphunzitseni kuponya pabwalo la mpira sabata ino. M'boti lodzaza anthu si mophunzirira, mbedza imakola khutu la mnzako.

Mwana_wa_Chia
Asisi, zimenezi ndiye zothandiza. Ine ndinazolowera chingwe cha m'manja.

MalinyeroHB
Chingwe cha m'manja usachinyoze, asodzi a snoek a ku Hout Bay ndi ku Kalk Bay mpaka lero amagwiritsa chomwecho, ndipo amaposa a ndodo kutali. Amavala timphira ku zala kuti chingwe chisawacheke. Koma snoek ikalowa m'boti usaiyandikize dzanja kukamwa. Mano ake ndi akuthwa zedi ndipo bala lake limachedwa kuleka magazi. Odziwa amaipana m'khwapa n'kuithyola khosi nthawi yomweyo. Iwe udzangoitsitsa pansi n'kuitana wa m'boti.

Nsomba iliyonse yoti upite nayo kunyumba iphedwe msanga, ichotsedwe magazi, ilowe mu ayezi. Snoek ikakhala padzuwa imafewa n'kukhala phalaphala, kuno amati pap snoek. Muli kachilombo kosaoneka ndi maso kamene kamasungunula mnofu nsomba ikafa, ndipo kutentha kumafulumizitsa. Ndiye cooler box ndi ayezi musasiye m'galimoto.

Mlamu_wa_onse
Nkhani yabwino. Mwana wa Chia, Pasaka ili pafupi ndipo nsomba yakwera mtengo. Ukagwira 10 zija, zisanu ndigula ine, ndikazigulitse ku Dunoon. Tigawana phindu.

MalinyeroHB
Mlamu, zimenezo ayi. Nsomba yogwidwa ndi chiphaso cha masewera saloledwa kuigulitsa kapena kuisinthanitsa ndi katundu. Ukapezeka amalanda nsomba, akhoza kulanda zida, ndipo nkhani imafika kukhoti. Kwa ife alendo mlandu uliwonse umabwera kudzakupeza pokonzanso mapepala. Kupatsa mnzako kuti akadye, palibe vuto.

Mlamu_wa_onse
Ndiye andipatse zisanu, ine ndimupatse moni wa m'manja.

Nkhwazi_Bellville
Kkkkk mlamu, ukamangidwa usatitchule.

Mayi_a_Tadala
Mtengo wakwera chifukwa cha pickled fish. Anzathu a kuno Lachisanu Loyera sadya china. Amakazinga nsomba, kaya yellowtail, snoek kapena hake, n'kuiviika mu msuzi wa anyezi wambiri, viniga, curry, shuga ndi masamba a bay, n'kuisiya mu fuliji masiku awiri kapena atatu. Amadya yozizira ndi ma hot cross bun. Ine mayi woyandikana nane anandiphunzitsa ndipo ana anga amaikonda koopsa.

Che_Mbwana_Philippi
Nsomba ya shuga, yozizira, ndi banzi. Dziko lapita.

Dada_wa_Usisya
Snoek yowotcha amaipakanso jamu wa apricot. Poyamba ndinkaseka, lero ndine woyamba pamzere. Koma mutu wa yellowtail wophika ndi tomato ndi anyezi basi, pambali kondowole, pamenepo palibe wondiuza kanthu. Padoko anthu ambiri amasiya mitu, muzipempha.

Achisale_Leeds
Ndikuwerenga ndili kuno ku England ndipo nsanje yandigwira. Kwathu kuno nyengo yofanana ndi imeneyo ndi Seputembala, madzi akadali ofundirako mphepo za m'nyengo yozizira zisanayambe. Timakwera maboti ku Whitby kukawedza cod ndi ling pamwamba pa sitima zimene zinamira kalekale, ndipo mackerel imakhala ikadalipo. Chodabwitsa n'chakuti kuwedza ndi ndodo panyanja yamchere kuno sikufuna chiphaso, chiphaso ndi cha m'mitsinje ndi m'madamu. Koma muyezo ulipo, bass yosafika masentimita 42 imabwerera m'madzi. Ndiye Che Mbwana, rula ili paliponse.

Che_Mbwana_Philippi
Ndiye mwathawira kutali chonsecho kukapezanso rula.

Namalenje
Chinthu china chimene sichinatchulidwe, ndipo kwa ine ndi chachikulu kuposa nseru. Nyanja ya kwathu madzi ake apamwamba amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 28 chaka chonse, bwato likagubuduzika munthu wodziwa kusambira amalimbana nawo nthawi yaitali. Kuno ukagwera m'madzi a madigiri 12, mpweya umabanika nthawi yomweyo, ndipo pakangopita mphindi zochepa manja amaleka kugwira. Kudziwa kusambira kwa ku Chia sikuthandiza pamenepo. Jekete yoyandamitsa ija akakupatsani valani, musaikhalire. Musanakwere muli ndi ufulu wofunsa ngati boti lili ndi satifiketi ya SAMSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha maboti ndi sitima, ndiponso ngati skipper ali ndi chiphaso chake. Boti la ganyu lolongosoka silikwiya ndi funso limenelo. Opulumutsa anthu panyanja ndi a NSRI, anthu ongodzipereka amene anayamba mu 1967, ndipo ali ndi malo awo ku Hout Bay, ku Kommetjie ndi ku Simon's Town. Pafoni ya m'manja 112 imagwira. Ku Cape Point kuli miyala yobisika, wina wotchedwa Bellows unamiza sitima ya Apwitikizi mu 1911, ndipo mafunde amaswekera pamenepo mwadzidzidzi. Skipper akati khalani pansi, musayambe kufunsa chifukwa.

Sisi_Chiku
Ndi zovala. M'mawa pamadzi kumazizira ngakhale kumtunda kukutentha. Juzi, jekete yosalowa madzi, chipewa chomangira, mafuta oteteza ku dzuwa. Akuda nafe timapsa, ine mphuno inasupuka. Ma slippers asiyeni kunyumba.

Nkhwazi_Bellville
Nanga shaki? Palibe amene akunena za shaki.

MalinyeroHB
Shaki si imene idzakusowetse mtendere. Shaki za great white zimene zinkadziwika ku False Bay zinayamba kusowa cha mu 2017, ambiri amaloza chala ma orca (anamgumi olusa) awiri aja otchedwa Port ndi Starboard amene amazing'amba n'kudya chiwindi chokha, ngakhale akatswiri ena amati usodzi nawo uli ndi mbali. Mbala yeniyeni ndi seal, nyama ya m'nyanja yokhala ngati katumbu wamkulu. Imadziwa kulira kwa injini, imadikira pansi pa boti, iwe wakoka yellowtail yako mpaka kuiona ndi maso, iyo n'kungotsala kukupatsa mutu. Pafupi ndi Hout Bay pali chilumba cha Duiker chodzaza ndi zimenezi. Usalimbane nayo, usaimenye chifukwa ndi yotetezedwa ndi lamulo, ndipo usaipatse chakudya ndi dzanja monga amachitira ena padoko. Mu 2024 zinatsimikizika kuti ma seal ena a kuno ali ndi chiwewe. Ikakuluma kapena kukukanda, tsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri, thamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Mayi_a_Tadala
Chiwewe m'nyanja? Ambuye tichitireni chifundo. Ana anga amakonda kujambulitsa nazo.

Agogo_a_Lifuwu
Kwathu wakuba m'matchera anali katumbu ndi ng'ona. Kulikonse msodzi ali ndi womudyera.

Che_Mbwana_Philippi
Seal ilibe chiphaso, ilibe rula, imadya zoposa 10. Oyang'anira aja ali kuti?

Namalenje
Kkkk imeneyo ndi nzika, achimwene. Koma pa za malo, mukadzapita panokha tsiku lina dziwani kuti nyanja yozungulira Cape Peninsula ndi yotetezedwa kuyambira 2004 pansi pa Table Mountain National Park. Mbali yaikulu kuwedza ndi kololedwa ndi chiphaso, koma muli zigawo zoletsedwa monga Karbonkelberg, Boulders, Castle Rock ndi Paulsberg. Pamadzi palibe mpanda, skipper amaonera pa GPS.

Mwana_wa_Chia
Ndabweranso, akuluakulu. Chiphaso ndagula, mankhwala a Mayi a Tadala ndagulanso, musaseke. Kuponya ndaphunzirako pabwalo la ku Westlake, ana a m'deralo aseka mpaka kugwa. Koma skipper waimbira abwana kuti Loweruka mphepo ya kummwera chakummawa ikhala yamphamvu, ndiye wasunthira Lamulungu. Anzathu ena akwiya, akuti kumwamba kuli mbee, munthuyu akufuna kutidyera ndalama. Awiri akana chifukwa cha tchalitchi.

MalinyeroHB
Auze anzakowo kuti skipper amataya ndalama akasiya tsiku, sasunthira dala. Mphepo imeneyo imaomba kumwamba kuli koyera, ndipo ku Cape Point imakula kuposa m'tauni. Ine ndaonanso pa Windy, app ya zanyengo ija, Lamulungu m'mawa kukuoneka bwino koma mafunde otsalira adzakhalapo, ndiye mankhwala aja umwe ndithu. Loweruka madzulo muimbirenso kuti atsimikize. Mufike padoko kusanache, boti silidikira munthu. Ndipo nthochi musatenge, ma skipper ambiri amakhulupirira kuti zimabweretsa tsoka, ena amazitaya m'madzi osakufunsa.

Dada_wa_Usisya
Ife a ku Nkhata Bay takhala tikukwera bwato ndi mikoko ya nthochi chibadwire, usipa sunathawepo.

Sisi_Chiku
Malo a awiri akanawo alipo? Ine Misa ndipita ya Loweruka madzulo.

Che_Mbwana_Philippi
Ngati alipira ndi abwana, lachiwirilo ndisungireni. Chiphasocho pa intaneti chimatuluka tsiku lomwelo?

Nkhwazi_Bellville
Che Mbwana!!! Si inu munati ayi ndithu?

Che_Mbwana_Philippi
Ndinati kulipira ayi. Werenganinso bwino.

Mwana_wa_Chia
Ndifunsa abwana mawa pa tea. Changa ndinalipira ndi khadi n'kuchisunga pafoni, koma ndachisindikizanso papepala kuopa kuti foni inganyowe. Amene ali ndi cooler box yaikulu cha ku Retreat kapena Steenberg andibwereke, ndidzaitenga Loweruka masana.